Ulosi ukaipa mutalowetsa zoyezedwa mu WRFDA, musayambire pa var_scaling

Vutoli limabwera motere. Muli ndi WRF, modelo ya pakompyuta yolosera nyengo, yomwe imayenda bwinobwino ikayambira pa GFS, modelo ya dziko lonse lapansi ya bungwe la NCEP la ku America. Mwamanga WRFDA, pulogalamu yolowetsa zoyezedwa m'chiyambi cha ulosi wa WRF, mwasonkhanitsa malipoti a masiteshoni a zanyengo, a mabaluni ndi a ndege, mwayendetsa da_wrfvar.exe, ndipo yafika kumapeto osadandaula. Fayilo ya wrfvar_output yatuluka. Manambala a mu cost_fn akutsika mosangalatsa. Koma mukaika ulosi wa maola 24 pafupi ndi zimene zinachitikadi, ulosi wongoyambira pa GFS ukupambana. Pena mvula ikukhuthuka m'maola atatu oyamba kudera komwe kunacha ngwee. Pena kutentha kwa pansi kukuphonya ndi madigiri awiri kapena atatu tsiku ndi tsiku, mbali imodzimodziyo.

Ambiri zikafika apa amathamangira ku namelist.input kukasintha var_scaling, len_scaling ndi ntmax, zomwe zimalamulira mphamvu ya kusintha kobwera ndi zoyezedwa, kufalikira kwake ndi chiwerengero cha masitepe owerengera, kenako n'kumayendetsanso mpaka atapeza tsiku limene laoneka bwino. Ine ndimati zimenezo zikhale zomaliza kugwira. Kutsika kwa cost function, nambala yomwe pulogalamu imayesetsa kuchepetsa n'kulemba mu cost_fn, kumangosonyeza kuti pulogalamu yathetsa samu yomwe mwaipatsa. Sikunena kalikonse za ubwino wa samuyo, ndipo nthawi zambiri cholakwika chimakhala chitalowa kale pulogalamu isanayambe n'komwe kuwerengera.

Zimene pulogalamuyi imachita

Njira ya variational, yomwe ikawerengera ola limodzi lokha imatchedwa 3D-Var, imafunafuna mkhalidwe wa mlengalenga, x, umene ungachepetse nambala iyi:

J(x) = ½(x − xb)ᵀB⁻¹(x − xb) + ½(y − H(x))ᵀR⁻¹(y − H(x))

Apa xb ndi background, ulosi waufupi womwe tayambirapo, ndipo y ndi zoyezedwa. H imatenga manambala a pa gridi n'kuwafikitsa pamalo, pa msinkhu ndi mumtundu wa choyezedwacho kuti ziwirizi ziyerekezeke. B imanena mmene background imaphonyera ndiponso mmene kuphonya kwa pano kumakhudzirana ndi kwa apo, pomwe R imanena mmene zoyezedwa zimaphonyera. Gawo loyamba la samuyi ndi Jb, lachiwiri ndi Jo. Mkhalidwe x womwe wapezeka pamapeto ndiwo analysis, chiyambi chatsopano cha ulosi.

B yeniyeni palibe kompyuta imene ingaisunge. Gridi ya 300 × 300 yokhala ndi malevulo 50 ndi mitundu isanu ya manambala ili kale ndi manambala 22.5 miliyoni, ndipo B ikanakhala ndi chiwerengero chimenecho kuchulukitsa ndi chomwecho. N'chifukwa chake WRFDA siigwira B mwachindunji. Imalemba kusintha kwa background ngati δx = Uv, pomwe B = UUᵀ, ndipo Jb imangosanduka ½vᵀv. U yo ili ndi magawo atatu: recursive filter yomwaza uthenga cham'mbali, ma EOF omwaza uthenga chokwera ndi chotsika, ndi maregression olumikiza mphepo, kutentha ndi presha. Zikatero njira ya conjugate gradient imatsika pang'onopang'ono kufunafuna v yabwino. Maziko amenewa ndi omwewo amene NMC ya ku America, yomwe pano ndi NCEP, inayamba kugwiritsa ntchito mu 1991, amene ECMWF ya ku Reading, likulu la zanyengo la maiko a ku Ulaya, inatenga mu 1996 isanasamukire mu Novembala 1997 ku 4D-Var, yomwe imatsatanso nthawi ya choyezedwa chilichonse, ndipo NCAR ya ku Boulder inawaika mu WRFDA kuti aliyense athe kuwagwiritsa ntchito.

Pulogalamuyi ili ngati mfumu pabwalo yomwe yauzidwiratu kuti mboni iyi muikhulupirire chonchi, inayo chonchi. Imagamula molondola motsatira zimene yauzidwa, koma ilibe njira yodziwira kuti mboni ina ikunena za tsiku lina kapena za mudzi wina. Komanso samu yonseyi yatsamira pa malonjezo awiri: kuti background ndi zoyezedwa siziphonya mopendekera mbali imodzi, ndiponso kuti kuphonya kwa ziwirizi sikugwirizana. Mavuto ambiri amene ali m'munsimu ndi kuswa limodzi mwa malonjezo amenewa.

Kodi fg yanu ndi ulosi kapena ndi analysis ya ena?

Yambani ndi funso limeneli chifukwa ndi lachidule. Ngati fayilo yomwe mwailumikiza ngati fg ndi wrfinput_d01 yochokera ku real.exe, yopangidwa kuchokera ku analysis ya GFS ya ola lomwelo, ndiye kuti background yanu yamwa kale zoyezedwa zambirimbiri, kuphatikizapo malipoti a mabaluni, ndege ndi masetilaiti omwe anayenda pa GTS, njira yotumizirana malipoti a zanyengo padziko lonse. Mukawalowetsanso mukuwawerenga kawiri, ndipo B yanu, yomwe inapangidwira ulosi wa maola angapo, ikunena kuti background ndi yofooka kuposa mmene ilili. Zotsatira zake n'zakuti mumakoka analysis yabwino ya NCEP kuilozetsa ku masiteshoni ochepa amene muli nawo. Palibe chodabwitsa ulosi ukaipa. Background ikhale ulosi wa WRF wa maola 6, kapena 3 ngati mukuzungulira pafupipafupi, woyambira pa nthawi yam'mbuyo. Kuzungulira ndi kutenga ulosi wochokera ku analysis ina kukhala background ya analysis yotsatira.

Werengani O−B musanayang'ane analysis

Apa ndi pamene pali ntchito yambiri, ndipo ndi pamene anthu safuna kukhalitsa. O−B ndi kusiyana kwa choyezedwa ndi background pamalo a choyezedwacho. Zonse zili mu gts_omb_oma_01, chidule chake mu statistics, ndipo zokanidwa zili mu mafayilo a rej_obs_conv ndi qcstat_conv_01. Ikani analysis_type = "VERIFY" kuti pulogalamu ingowerengera O−B osakana kanthu komanso osasintha background, muyendetse masiku a milungu iwiri kapena itatu, kenako mujambule O−B ya siteshoni iliyonse payokha, ola lililonse palokha. Avereji ya dera lonse imabisa zonse, chifukwa siteshoni yophonya chokwera ndi yophonya chotsika zimafafanizana.

Choyamba kuona ndi chiwerengero. Mzere wa "Total number of obs." mu rsl.out.0000 ufanane ndi zimene mukuyembekeza. Masiteshoni athu ali kummwera kwa equator, choncho latitude yake imayamba ndi chizindikiro chochotsera. Blantyre ili pa 15°47′ kummwera ndi 35° kummawa. Mukaiwala chizindikirocho, siteshoniyo imakapezeka ku Sudan, kunja kwa gridi yanu, ndipo obsproc.exe, pulogalamu yokonza zoyezedwa zisanalowe mu WRFDA, imaitaya mwakachetechete. Choopsa kuposa pamenepo ndi kulemba 15°47′ ngati 15.47 m'malo mwa 15.78. Siteshoni imakhalabe m'gridi, koma yasunthidwa makilomita pafupifupi 34, ndipo m'dziko la mapiri ndi zigwa ngati lathu mtunda umenewo ungakuchotseni pamtunda n'kukutsitsirani kuchigwa.

Chachiwiri ndi nthawi. Malipoti a SYNOP, a masiteshoni a zanyengo, ndi a METAR, a mabwalo a ndege, amabwera mu UTC, nthawi ya dziko lonse, koma masiteshoni odzilembera okha amene amaikidwa ndi mapulojekiti a zaulimi kapena masukulu kawirikawiri amalemba nthawi yathu ya CAT, yomwe ili patsogolo ndi maola awiri. Wina akakopera "06:00" ya pa siteshoni yotere kuika mu LITTLE_R, mtundu wa fayilo yolembamo zoyezedwa, pulogalamu imayerekeza kutentha kwa mbandakucha ndi background ya 8 koloko m'mawa dzuwa litakwera kale. Kusiyana kwake m'mwezi wa Okutobala kungafike madigiri anayi kapena asanu. Musayembekeze kuti check_max_iv ikupulumutsani. Imakana choyezedwa pokhapokha O−B ikaposa kuphonya koyembekezeka kwa choyezedwacho kuchulukitsa ndi max_error_t, yomwe imabwera ili pa 5. Ngati kuphonya koyembekezeka ndi madigiri 2, malire ake ndi madigiri 10, ndiye cholakwika cha madigiri 4 chimalowa bwinobwino n'kukaziziritsa dera lonse lozungulira. Chizindikiro chake n'chosasokoneza: pa 06 UTC O−B ya siteshoniyo imakhala pansi pa ziro tsiku lililonse, pa 18 UTC imakhala pamwamba.

Ngakhale nthawi italembedwa molondola, kumbukirani kuti 3D-Var imatenga zonse za pakati pa time_window_min ndi time_window_max ngati zayezedwa pa ola la analysis. Kwa mphepo ya pa 250 hPa maola atatu mbali iliyonse si nkhani. Kwa kutentha kwa pansi m'mawa ndi nkhani yaikulu. Chepetsani mpatawo ufike ola limodzi mbali iliyonse kwa masiteshoni a pansi, kapena mugwiritse ntchito FGAT kudzera mu num_fgat_time kuti choyezedwa chilichonse chiyerekezedwe ndi background ya ola lake.

Chachitatu ndi kukwera kwa malo. Modelo ya gridi ya makilomita 9 kapena 12 siidziwa kuti tauni ya Zomba ili m'tsinde mwa phiri lopitirira mamita 2,000, kapena kuti Sapitwa pa Mulanje ili pa mamita 3,002 pomwe minda ya tiyi ili pansi kwambiri. Imasalaza zonsezi n'kuika nthaka yake pakatikati. Kusiyana kwa mamita 300 pakati pa siteshoni ndi nthaka ya modelo kumabala madigiri pafupifupi 2, potengera kuzizira kwa madigiri 6.5 pa kilomita iliyonse, komanso ma hPa pafupifupi 30 a presha. Pa sfc_assi_options = 1, WRFDA imakonza kusiyana kochepa ndipo imakana siteshoni yosiyana ndi nthaka ya modelo kuposa max_stheight_diff, yomwe imabwera ili pa mamita 100. Anthu ena akaona masiteshoni awo ochepawo akukanidwa amakweza nambalayi kufika 500. Ndikumvetsa kuwawa kwake, koma siteshoni ya m'chigwa chozizira usiku siiyimira bokosi la gridi la makilomita 12, ndipo kuikakamiza kulowa ndi kuuza modelo kuti iziziritse phiri lonse. Ndi bwino kuitaya, kapena kuisunga kuti izigwira ntchito yoyesera ulosi.

Presha ili ndi msampha wakewake. Pabwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe, lomwe lili pa mamita oposa 1,200, presha yeniyeni ya pa siteshoni imakhala cha m'ma 880 hPa, pomwe QNH ya mu METAR, yotsitsidwa kufika pa mulingo wa nyanja yamchere, imakhala yopitirira 1,000. Mukaika ina pamalo a inzake zonse zimakanidwa, ndipo mudzaona qcstat ikusonyeza kuti palibe presha ya pansi ngakhale imodzi yomwe yalowa. LITTLE_R imafuna presha mu Pa, kutentha mu Kelvin, liwiro la mphepo mu mamita pa sekondi, ndipo chosowa chimalembedwa −888888. Knot imodzi ndi mamita 0.514 pa sekondi, choncho mphepo yosasinthidwa imalowa ili pafupifupi kawiri mphamvu yake. Chosowa cholembedwa −9999 kapena −99.9 pulogalamu ingachitenge ngati nambala yeniyeni.

Mukakonza zonsezi n'kupeza kuti O−B ikadali yopendekera mbali imodzi pa masiteshoni ambiri nthawi imodzi, ndiye kuti wopendekera ndi modelo. WRF ikamatenthetsa usiku kapena kuumitsa masana chifukwa cha chinyezi cha m'dothi kapena PBL scheme yomwe mwasankha, njira yowerengera mpweya wa pafupi ndi nthaka, 3D-Var idzakhala ikukonza chomwecho ola lililonse la analysis, modelo n'kumabwerera pomwepo patapita maola awiri. Mankhwala ake ali mu physics ya WRF, osati mu WRFDA.

Malire a gridi ndi madzi a nyanja

Gawo ili limaiwalika chifukwa palibe uthenga wa cholakwika umene umatuluka. Analysis ikasintha manambala a m'mbali mwa gridi, wrfbdy_d01 imakhala ikunenabe za chiyambi chakale. Muyenera kuyendetsa da_update_bc.exe ndi update_lateral_bdy = .true. mu parame.in pambuyo pa WRFDA. Mukapanda kutero mafunde a presha amalowa kuchokera m'mbali m'maola oyamba, ndipo mapu a mvula amaoneka ndi mizere yotsata malire a gridi.

Pozungulira, muyeneranso kuiyendetsa WRFDA isanayambe, ndi update_low_bdy = .true., kuti kutentha kwa madzi, zomera ndi zina za pansi zitengedwe ku wrfinput yatsopano. Kwa ife izi si zazing'ono. Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita oposa 550, ndipo mvula ya usiku ndi m'mawa ya m'mbali mwake imadalira kusiyana kwa kutentha kwa madzi ndi kwa mtunda. Madzi akakhala ndi kutentha kwa tsiku loyamba la kuzungulira kwa mwezi wathunthu, chinyezi cha ku Nkhata Bay ndi Karonga chidzaphonya ngakhale zoyezedwa zitakhala zabwino motani. Onaninso iswater mu parame.in: ndi 16 pa magulu a nthaka a USGS, 17 pa a MODIS.

Yesani ndi choyezedwa chimodzi chokha

Tsopano mwafika pa B. Musaiweruze poyang'ana analysis ya zoyezedwa mazanamazana, chifukwa zonse zimasakanikirana. Zimitsani zoyezedwa zenizeni, ikani num_pseudo = 1, sankhani pseudo_x, pseudo_y ndi pseudo_z pakati pa gridi cha pa 500 hPa, pseudo_var = 't', pseudo_val = 1.0 ndi pseudo_err = 1.0. Kusintha kumene kutuluke ndi B yeniyeniyo yojambulidwa.

Pamalo a choyezedwacho kusintha kuyenera kukhala σb² ÷ (σb² + σo²) kuchulukitsa ndi O−B, pomwe σb ndi kuphonya kwa background ndipo σo ndi kwa choyezedwa, komwe ndi pseudo_err. Mukapeza 0.5, σb yanu ndi digiri imodzi. Mukapeza 0.2, σb ndi theka la digiri. Mukapeza 0.9, B yanu ikunena kuti background imaphonya ndi madigiri atatu pakati pa mlengalenga, zomwe n'zokayikitsa kwa ulosi wa maola 6. Kenako onani kufalikira kwake. Choyezedwa chimodzi cha pamwamba pa Lilongwe chikamatenthetsa mpweya mpaka ku Lusaka ndi ku Nampula, utali wa B ndi wopitirira muyeso. Onaninso chodulidwa choimirira: kusintha kwa pa 500 hPa kusafike pansi ndi mphamvu zofanana.

Chinthu chimene mabuku ambiri olembedwa kumaiko ozizira sakhalitsapo ndi mphepo yomwe imatuluka m'choyezedwa cha kutentha. Pa cv_options = 5, kutentha ndi presha ya pansi zimalumikizidwa ku streamfunction kudzera mu maregression, ndipo kulumikizana kumeneku kumachokera ku mphamvu ya Coriolis. Mphamvuyi pa latitude 13° ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yake pa 45°. Malawi yense ali pakati pa 9° ndi 18° kummwera, choncho kuno kutentha sikulamulira mphepo monga ku Ulaya. Mu B yabwino mudzaona mphepo yofooka yozungulira pamwamba pa malo otenthetsedwawo, ikuyenda mosemphana ndi mivi ya wotchi chifukwa tili kummwera. Mukaona mphepo yamphamvu, kapena yosazungulira bwino koma yodukaduka, maregression anu aphunzira phokoso. Zikatere yesani cv_options = 7, yomwe imagwiritsa ntchito u, v, kutentha, chinyezi ndi presha ya pansi chilichonse pachokha. Chifukwa chomwechi, m'dera lathu choyezedwa cha mphepo chimapindula kuposa cha kutentha, ndiye mphepo zowerengedwa kuchokera ku kayendedwe ka mitambo pa zithunzi za Meteosat ndi malipoti a ndege musazinyalanyaze.

B yoipa imachokera kuti? Fayilo ya be.dat.cv3 yomwe imabwera ndi WRFDA inapangidwa kuchokera ku modelo ya dziko lonse ya NCEP. Imalowa pa gridi iliyonse ndipo ndi yabwino poyesera ngati zonse zikuyenda, koma siidziwa modelo yanu. Ya cv5 ndi cv7 mumapanga nokha ndi gen_be, potsata njira ya NMC imene Parrish ndi Derber anafotokoza mu 1992: kusiyana kwa maulosi awiri onena za ola limodzi koma oyambira nthawi zosiyana, omwe pa modelo ya dera amakhala a maola 24 ndi a maola 12. Pamafunika mwezi wathunthu kapena kuposa, wokhala ndi maulosi a 00 ndi a 12 UTC omwe, kuti usana ndi usiku zonse zilowe. Ya masiku asanu imatuluka, imawerengeka, koma ndi phokoso. Ya mu Juni, nyengo ya mwera ndi chiperoni, siyenera mvula ya mu Januwale, pamene chinyezi chimaphonya kwambiri komanso pa mitunda yaifupi. Ndipo mukasintha gridi kapena chiwerengero cha malevulo, be.dat yakale yatha ntchito.

R, ndi masiteshoni ounjikana

Kumapeto kwa rsl.out.0000 kuli mzere wa "Final J / total num_obs". B ndi R zikakhala zoona, nambalayi imakhala cha pa 0.5. Ikakhala 3 kapena 5, mwakhulupirira zoyezedwa kapena background mopitirira, kapena zoyezedwa zoipa zalowa. Ikakhala 0.05, mwaika kuphonya kokulirapo ndipo zoyezedwa sizikugwira ntchito mokwanira. Tsiku limodzi silinena zambiri, makamaka zoyezedwa zikakhala zochepa, choncho tengani avereji ya mwezi.

Kuti mudziwe mbali yolakwa, njira ya Desroziers ndi anzake ya 2005 imangofuna manambala omwe ali kale mu gts_omb_oma_01. A ndi analysis. Avereji ya (O−A) kuchulukitsa ndi (O−B) imayandikira σo², ndipo ya (A−B) kuchulukitsa ndi (O−B) imayandikira σb² pamalo a zoyezedwazo. Yerekezani ndi zimene zili mu obserr.txt. Manambala a m'fayilo imeneyo sanapangidwire masiteshoni otsika mtengo oikidwa pafupi ndi denga la malata, ndipo amenewa apatseni kuphonya kokulirapo.

WRFDA imatenganso kuphonya kwa choyezedwa chilichonse ngati kosagwirizana ndi kwa chinzake. Masiteshoni khumi a mumzinda umodzi, ogulidwa kwa wopanga mmodzi, onse otenthedwa ndi misewu ndi nyumba, amaphonya limodzi, koma pulogalamu imawaona ngati mboni khumi zosadziwana zomwe zagwirizana. Analysis imakokeka mwamphamvu pamenepo, B n'kumwaza cholakwikacho kumidzi yozungulira komwe kulibe siteshoni yotsutsa. Aphatikizeni akhale choyezedwa chimodzi pa bokosi la gridi, kapena musankhe imodzi yodalirika.

Kutsika kukamakanika

Tsopano, ndipo pokhapokha tsopano, yang'anani minimization. Ikani calculate_cg_cost_fn = .true. kuti cost_fn ndi grad_fn zilembedwe pa sitepe iliyonse. Pulogalamu imaima gradient ikachepa kufika pa eps kuchulukitsa ndi poyambira pake, ndipo eps imabwera ili pa 0.01, kapena ikafika pa ntmax. Ikamafika pa ntmax tsiku lililonse gradient isanatsike, kawirikawiri pali choyezedwa chokhala ndi kuphonya kwakung'ono kwambiri, kapena zoyezedwa zambiri zounjikana pamalo amodzi, zomwe zimachititsa samuyi kukhala yovuta kutsika. Kukweza ntmax kumangobisa zimenezo. NaN, chizindikiro choti chotuluka si nambala, ikatuluka pa sitepe yoyamba, kayikirani be.dat yosagwirizana ndi gridi kapena nambala yachilendo mu ob.ascii.

Mukakweza max_ext_its kufika 2 kapena 3 musadabwe J ikadumpha poyamba kuzungulira kwachiwiri. O−B imawerengedwanso kuchokera ku analysis yoyamba, ndipo zina zomwe zinakanidwa tsopano zimalowa, choncho Jo imakula chifukwa zoyezedwa zachuluka. Onani chiwerengero chake musananene kuti china chasweka.

Masetilaiti ndi 4D-Var

Kuno komwe mabaluni ndi ochepa, maradiance, mphamvu ya cheza chochokera mumlengalenga ndi panthaka imene masetilaiti amayeza, amakopa, ndipo amathandizadi, koma ndi amene amaononga mofulumira akalowa mosasamala. Ali ndi kupendekera kwawo komwe kuyenera kuchotsedwa. ECMWF inayamba kuchotsera kupendekeraku mkati mwa minimization momwemo mu 2006, njira ya VarBC, ndipo WRFDA ili nayo kudzera mu use_varbc. Manambala ake amaphunziridwa pang'onopang'ono, ndiye VARBC.out ya kuzungulira kuno iyenera kukhala VARBC.in ya kuzungulira kotsatira. Mukamayambira pa fayilo yomweyomweyo nthawi zonse, palibe chimene chikuphunziridwa. Pa gridi ya dera, setilaiti yozungulira kudzera kumapolo imadutsa maulendo ochepa patsiku, choncho perekani milungu ingapo yophunzirira musanakhulupirire zotsatira. Zimitsani matchanelo amene amaona pamwamba pa denga la modelo yanu, lomwe pa WRF yambiri limakhala pa 50 hPa, komanso a AMSU-A amene amaona nthaka, monga 1 mpaka 4 ndi 15. Pamwamba pa Nyika ndi mapiri ena aatali ngakhale tchanelo 5 imakhudzidwa ndi nthaka. Lowetsani chida chimodzi nthawi imodzi.

Za 4D-Var ndinena mwachidule, chifukwa amene 3D-Var yake sinakhazikike asaiyambe. Zonse za pamwambazi zimagwirabe ntchito, kuwonjezerapo tangent linear ya modelo, M, yoyendetsa kusintha kwakung'ono kupita m'tsogolo, ndi adjoint yake, Mᵀ, yobwerera m'mbuyo, zomwe mu WRF zili mu WRFPLUS. Musanakhulupirire chilichonse, chitani mayeso a adjoint: ⟨Mδx, Mδx⟩ ifanane ndi ⟨δx, MᵀMδx⟩ mpaka pa madijiti 13 kapena kuyandikira apo mu double precision. Zikangofanana pa madijiti atatu kapena anayi, gradient yanu ndi yolakwika ndipo conjugate gradient idzasochera. Vuto lina ndi la mitambo ya mabingu. Njira ya incremental ya Courtier, Thépaut ndi Hollingsworth ya 1994 imadalira kuti kusintha kwakung'ono kumakula molunjika m'kati mwa mpata wa nthawi, ndipo mvula ya masana ya mu Disembala siitsata lamulo limenelo kwa maola 6 pa gridi yaing'ono. Fupikitsani mpatawo kapena muyendetse minimization pa gridi yokulirapo.

Maola oyamba a ulosi, ndi kuyesa mwachilungamo

Ngati analysis ikuoneka bwino koma mvula ikukhuthuka m'maola awiri kapena atatu oyamba, jambulani avereji ya kusintha kwa presha ya pansi pa sitepe iliyonse ya modelo. Ikayamba pamwamba kwambiri n'kumatsika mpaka kukhazikika patapita maola angapo, analysis yanu siili pa mgwirizano umene modelo imafuna. Digital filter ya mu WRF, yoyatsidwa ndi dfi_opt, imachepetsa phokosoli. Kawirikawiri gwero lake ndi chinyezi chowonjezedwa mumpweya wosakhazikika, ndiye bwererani ku mayeso a choyezedwa chimodzi ndi pseudo_var = 'q' muone kuti chikufalikira mpaka pati. Pozungulira maola 6 aliwonse phokosoli limalowa mu background yotsatira n'kumaunjikana.

Kuzungulira kosalekeza kuli ndi vuto linanso m'dera la zoyezedwa zochepa. Kayendedwe ka mpweya ka pa mitunda ikuluikulu, monga malo a ITCZ, chigawo chamvula pomwe mphepo za kumpoto ndi za kummwera zimakumana, ndi mpweya wochokera ku Congo, kamasochera pang'onopang'ono pakati pa gridi chifukwa palibe chokabweza, pomwe GFS imakakonza ndi masetilaiti a dziko lonse. Mukaona O−B ya mphepo za pamwamba ikukula tsiku ndi tsiku, yambiraninso pa GFS kamodzi kapena kawiri patsiku, muzungulire kawiri kapena katatu, kenako mutulutse ulosi wautali.

Mukafika pogwira var_scaling ndi len_scaling, dziwani kuti pa cv5 nambala 1 mpaka 5 zikuimira streamfunction, velocity potential, kutentha, chinyezi ndi presha ya pansi motsatana, ndipo pa cv3 zofanana nazo ndi as1 mpaka as5. Sinthani imodzi yokha, bwerezani mayeso a choyezedwa chimodzi kuti muone chimene yachita, kenako muyendetse mwezi wathunthu, osati tsiku la chimvula limodzi lomwe mukulidziwa kale. O−A yaing'ono si umboni, chifukwa mukakweza var_scaling analysis idzayandikira zoyezedwa nthawi zonse. Patulani siteshoni imodzi mwa zisanu zilizonse isalowe mu analysis, muyese ulosi wa maola 6, 12 ndi 24 pa masiteshoni opatulidwawo, ndipo muuyerekeze ndi ulosi woyambira pa GFS yokha wa masiku omwewo.